Thandizeni: masiku athu okaona nyenyezi ku chipululu cha Namib agwera pa mwezi wowala

Abale anga a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata ino.

Mu July tikupita ku Namibia anthu asanu: ine, bambo a kunyumba, ana athu awiri (wamkulu ali ndi zaka 11, wamng'ono 6) ndi bambo anga ondibereka a zaka 74. Ulendowu kwenikweni ndi wa bambo angawo. Anavutika ndi ng'ala zaka zingapo, chaka chatha anawachita opareshoni maso onse awiri ndipo akuona bwino. Tsiku lina madzulo ndinawapeza ataima panja, dzanja lili pachipumi, akuwerenga nyenyezi chapansipansi. Anafika pa 11 n'kusiya. Anati, "Mwanawe, maso andibwezera, koma Mlalang'amba uja ndinkauona ndili mnyamata sindikuupeza." Magetsi a m'tauni anaumeza kalekale. Ndinalowa m'nyumba misozi ili m'maso, ndipo kuyambira tsiku limenelo takhala tikusunga ndalama.

Tinasankha dera la Sesriem chifukwa lili pafupi ndi NamibRand Nature Reserve, malo amene mu 2012 anavomerezedwa kukhala osungirako mdima wa kumwamba, oyamba mu Africa. Dongosolo ndi lakuti tikatera ku Windhoek, tikabwereka galimoto, tikagona masiku atatu kuchipululuko, kenako masiku anayi ku Swakopmund kunyanja.

Vuto nali. Amene anatikonzera malo ogona sanatchule za mwezi ngakhale pang'ono, ngakhale ndinawauza cholinga cha ulendowu. Dzana mwana wanga wamkulu ndi amene watulukira pafoni kuti usiku wathu woyamba ukubwera patangopita masiku awiri mwezi utakhala wathunthu. Nditawafunsa anangoti kuchipululu nyenyezi zimaoneka nthawi zonse. Mtima wanga sukuvomera. Matikiti a ndege sitingasinthe. Kodi ulendowu wawonongeka? Komanso wamng'onoyu ali ndi mphumu, ndiye fumbi ndi kuzizira zikundiopsa. Amene munafikako, ndiuzeni zoona zokhazokha.

Bambo wina amene anapitako kawiri:

Mayi, musataye mtima, koma nkhawa yanuyo ndi yoona. Mwezi wathunthu umafafaniza Mlalang'amba ngakhale kuchipululu, umangotsala ngati utsi wapatali. Amene anakuyankhaniwo sanakuuzeni bwino.

Chokuthandizani n'chakuti mwezi ukangodutsa pa wathunthu umachedwa kutuluka, pafupifupi mphindi 50 mpaka ola usiku uliwonse. Ku Sesriem mu July dzuwa limalowa cha m'ma 6:30, ndipo mdima weniweni umagwa ikamayandikira 8 koloko. Ndiye usiku wanu woyamba mudzakhala ndi kamphindi kochepa chabe mwezi usanatuluke, wachiwiri ola limodzi ndi kanthu, wachitatu maola awiri kapena kuposerapo. Si zoipa.

Koma bwanji osangotembenuza ulendowo? Yambani ndi Swakopmund, mutsirize ndi chipululu. Mukatero mudzafika ku Sesriem mwezi utatsala theka, ndipo wotere umatuluka cha pakati pa usiku, usiku wotsatira mochedwa kuposa pamenepo. Madzulo onse adzakhala anu. Ku Swakopmund mwezi sukuwonongerani kanthu, chifukwa kumakhala nkhungu kawirikawiri, yobwera ndi madzi ozizira a Benguela. Imbani lero lomwe, July ndi nyengo ya alendo ambiri ndipo malo amadzaza msanga.

Mayi wina:

Achemwali, ine ndilankhulepo za mwanayo poti wanganso ali ndi mphumu. Masana kumafunda bwino, koma dzuwa likangolowa kumazizira mwadzidzidzi, ndipo mbandakucha nthawi zina kumafika pafupi ndi madigiri 0. Mpweya wozizira komanso wouma ndi umene unamuvuta wanga kuposa fumbi. Tinkamukulunga kansalu kofunda pamphuno ndi pakamwa, ndipo mankhwala ake opopera ndinkasunga m'thumba la jekete langa, osati m'chikwama cha m'galimoto. Tengani awiri. Musananyamuke kaonaneni ndi dokotala wake, mumuuze mosabisa kuti mukupita kutali ndi chipatala chachikulu. Pamsewu wa fumbi tsekani mawindo galimoto ina ikamadutsa.

Agogowo atengereni mpando wopinda wotsamira kumbuyo. Kuyang'ana kumwamba ataimirira kumapweteketsa khosi, ndipo munthu wamkulu akhoza kuchita chizungulire.

Mnyamata wokonda za nyenyezi:

Amayi, nkhani ya agogo yandikhudza. Mwasankha mwezi wabwino kwambiri, chifukwa mu July madzulo mbali yokhuthala ya Mlalang'amba, kumene kuli pakati pa gulu lathu la nyenyezi, imakwera n'kufika pamutu penipeni. Simukufunika telesikopu. Maso okha akwana, ndipo mukapeza ma binoculars ndiye bwino koposa.

Chachikulu ndi kuleza mtima. Maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo kungoyang'ana foni kamodzi mwayambiranso. Kwa agogo zikhoza kutenga nthawi yotalikirapo, choncho asafulumire kunena kuti sakuona. Tochi muiphimbe ndi pulasitiki yofiira, kuwala kofiira sikusokoneza kwambiri. Pulogalamu yosonyeza nyenyezi ya Stellarium ili ndi poisinthira kuti iziwala mofiira, muiike pafoni mudakali ndi intaneti.

Yambani ndi kum'mwera. Mudzaona Southern Cross, nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, ndi ziwiri zowala zoloza kwa iyo. Yowala kwambiri mwa ziwirizo ndi Alpha Centauri, imene kuwala kwake kumayenda zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kutifike. Muuzeni wa zaka 6 uja kuti kuwala akuonako kunanyamuka iye akuphunzira kulankhula. Pambali pa mtandawo pali chibowo chakuda bii chotchedwa Coalsack, fumbi la mumlengalenga lotchinga nyenyezi za kuseri kwake. Pamwamba mudzapeza Scorpius yopindika mchira ngati chinkhanira, ndi nyenyezi yofiirira Antares pamtima pake.

Agogo akafunsa za nyenyezi za Nsangwe ndi Akamwiniatsatana, nyengo imeneyo sizioneka madzulo. Zimatuluka kum'mawa mbandakucha. Ngakhale mwezi utakhalapo adzazionabe, poti ndi zowala.

Bambo woyamba uja:

Ndinaiwala za msewu. Kuchokera ku Swakopmund mudzadutsa Walvis Bay n'kulowa C14, msewu wa miyala wodutsa Kuiseb Pass mpaka ku Solitaire. Thirani mafuta pamenepo ngakhale thanki isanathe. Nyamukani m'mawa, musathamange, onetsetsani kuti tayala lapadera lili ndi mpweya ndipo madzi akumwa ndi ambiri. Usiku musayendetse, nyama zimadumphira mumsewu. Geti la paki ya Namib-Naukluft limatsekedwa dzuwa likamalowa, choncho musaganize zokagona pamilu ya mchenga ku Sossusvlei. Nyenyezi mudzaonera pomwe mwagonapo, mungotalikira pang'ono magetsi a pamalopo. Ana avale nsapato zotseka usiku, ndipo m'mawa muzizikutumula asanavale. Zinkhanira za kumeneko zina n'zaululu kwambiri.

Wofunsa uja:

Zikomo nonse, mwandimasula. Ndaimba masana ano ndipo ku Swakopmund avomera kusintha. Kuchipululuko apeza malo a masiku awiri okha m'malo mwa atatu, koma onse awiri mwezi ukutuluka mochedwa, ndiye ndavomera. Dokotala wa mwana tikamuona Lachinayi.

Bambo anga aja ndawawerengera mayankho anu onse. Atamva za Nsangwe anakhala chete, kenako anati ndidzawadzutse 5 koloko ngakhale kutazizira bwanji. Ndiye ndifunsenso chimodzi kwa achemwali aja: kwa munthu wa zaka 74 woti akakhale panja mbandakucha, jekete lokhuthala ndi bulangete zikwana, kapena ndiwagulire zovala zamkati zofunda zija?