Tidziwa bwanji ngati pulogalamu yopulumutsa magetsi m'mabanja yathandizadi?

Wofunsa:
Moni nonse. Bungwe likagawa mababu a LED n'kuphunzitsa mabanja kuzimitsa zinthu zosagwiritsidwa ntchito, lipoti lake limangoti mabanja akutiakuti alandira. Kodi zimenezi n'zokwanira? Ndikufuna njira yoyezera yomwe komiti ya m'dera ingaikwanitse popanda zipangizo zodula.

Wowerenga mita:
Sizokwanira ayi. Chiwerengero cha olandira chimangosonyeza kuti katundu wagawidwa. Umboni uli pa mita. Lembani ma kWh (mayunitsi a magetsi) a nyumba iliyonse a miyezi 12 pulogalamu isanayambe, chifukwa mukayerekeza mwezi wozizira ndi wotentha mudzapeza kusiyana kobwera ndi nyengo, n'kumayesa ndi ntchito yanu.

Pakhalenso gulu lina la mabanja omwe sanalandire kanthu. Tinene kuti olandira atsika kuchoka pa 200 kWh pamwezi kufika pa 180, pomwe osalandira atsika kuchoka pa 200 kufika pa 190. Zomwe pulogalamu yapulumutsa ndi 10, osati 20. Magulu awiriwa agawidwe mwa maere. Mukatenga okhawo odzipereka, mwatenga anthu omwe amasamala kale magetsi, ndipo zotsatira zidzakoma mokunamizani.

Pa mita yolipiriratu samalani, mayunitsi ogulidwa si omwe agwiritsidwa ntchito. Tengani omwe analipo pa tsiku loyamba, wonjezerani ogulidwa m'mweziwo, chotsani otsala pa tsiku lomaliza.

Wamagetsi:
Ndionjezepo za mababuwo. Babu lakale la mawati 60 (60 W) loyaka maola 5 patsiku limadya 9 kWh pamwezi, la LED la 9 W limadya 1.35. Papepala mwapulumutsa 7.65 kWh. Koma lowani m'nyumbamo muone: mababu ena akadali m'katoni kudikira kuti akale apse, ena aikidwa kuchipinda chomwe sayatsayatsa. Ena poona kuti babu latsopano silidya zambiri amalisiya likuyaka pakhonde usiku wonse, phindu lija n'kuchepa. Werengani omwe ali pa soketi, ndipo funsani maola ake.

Lembaninso ngati banja lagula giza, hita kapena firiji m'kati mwa nthawi yoyeza. Chipangizo cha 2000 W chikayaka ola limodzi tsiku lililonse chimadya 60 kWh pamwezi, kumeza zonse zomwe mababu 7 apulumutsa. Mabanja otere aoneni padera.

Musayembekezere zambiri pa uphungu wokha. Ku United States, makalata a kampani ya Opower oyerekeza magetsi omwe nyumba yagwiritsa ntchito ndi a nyumba zoyandikana nayo ankatsitsa magetsi ndi pafupifupi 2 peresenti. Kusintha kochepa chotero sikungaoneke pa nyumba 20, pamafunika zambiri.

Wa za mbaula:
Ngati pulogalamuyo ikukhudzanso nkhuni kapena makala, musadalire zomwe anthu akukumbukira. Pimani pa sikelo mulu wa tsikulo m'mawa, mubwerenso mawa lake nthawi yomweyo kudzapima zotsala, kwa masiku osachepera 3. Makilogalamuwo muwagawe ndi chiwerengero cha omwe adya, poti tsiku la alendo limasokoneza. Nkhuni zaziwisi zimalemera ndi madzi, choncho lembani ngati zili zouma.

Chomwe ambiri amachiphonya n'chakuti mbaula yatsopano siichotsa yakale, zimayaka zonse ziwiri. Komanso anthu amasamala kwambiri akadziwa kuti akuyang'aniridwa, ndiye mudzapimenso pakatha miyezi 6 ndi 12, alangizi atasiya kuyendera.