Bambo akunyumba agwidwa ndi chimanga kumalire, akhoti achita chiyani?

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni, tulo sindikuona. Bambo akunyumba anagwidwa ndi matumba 40 a chimanga kumalire ku Dedza, akuti amatulutsa kunja popanda chilolezo. Lole si yathu, ndi ya alamu anga, omwewo anakongola K300,000 kwa ife chaka chatha osabweza mpaka lero, pano akundiimbira usiku kuti ndiwabwezere galimoto yawo. Apongozi nawo akuti ndine ndinawakankhira ku geniyi chifukwa cha fizi ya mwana. Kodi akhoti amalanda chimanga chokha kapena ndi lole yomwe?

Bambo a Tadala: Matumba 40 okha? Mathiraki akuluakulu amadutsa usiku, wogwidwa ndi wosauka basi!

Nachisale: Mayi, kukhoti anaonekera kale? Ngati anaonekera, mlandu anauvomera? Lamulo limati womangidwa afike kukhoti pasanathe maola 48.

Che Jafali: Ine anandigwira ndi zigubu zitatu za petulo nthawi ya mizere ija. Ndinavomera kuti zithe msanga, faindi ndinalipira, mafuta analanda. Zigubu zomwe sizinabwerere.

Bambo a Tadala: Inu a Jafali ndinu amene munkatigulitsa petulo wamadzi, musalankhule pano.

Mai Phiri: Anthu ku Nsanje akugona ndi njala, inu mukutulutsa chimanga. Chiwachitikire.

Bambo a Tadala: Mai Phiri, munalimapo? Feteleza wakwera, ADMARC ikachedwa kugula mlimi agulitse kuti?

Nachisale: Tasiyani mikangano. Chimanga chili pansi pa Control of Goods Act, kutulutsa kunja kumafuna chilolezo cha Unduna wa Zamalonda. Pitani ku Legal Aid Bureau ngati ndalama za loya palibe. Alamu anuwo apite okha kukhoti ndi bulubuku akafotokoze mbali yawo. Chigamulo cha majisitireti chikakuwawani, apilo ndi ku High Court.

Che Jafali: Belo ya kupolisi ndi yaulere, wina asakudyereni ndalama.

Bambo a Tadala: Yaulere papepala!

Nachisale: Mayi, tayankhani, anavomera kapena ayi?

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Alamu aja angoimbanso, akuti ngongole ija tiiwale chifukwa lole yawo yagona masiku ambiri osagwira ntchito. Zoona zimenezi abale?