Flash ikumangowala yokha mu holo, ndikadina ine zii

Wa ku Chilinde: Akuluakulu mwaswera bwanji, ndithandizeni nzeru chifukwa Loweruka likubwerali ndili ndi ukwati wina ndipo za Loweruka lathali sindikufuna zibwerezeke. Ndinaika flash ya Godox TT685 pa stand ndi softbox (chofewetsera kuwala) mbali ya akwati, pa kamera trigger ya XPro, kachipangizo kowombetsa flash popanda waya. Ku tchalitchi bwinobwino, kojambulitsa ku garden bwinobwino, titangolowa mu holo nthawi ya perekaniperekani basi yayamba misala, ikumangowala yokha kamera ili pakhosi sindinadine, ndiye ndikadina ineyo pena yawala pena zii, zithunzi za kudula keke theka ndi mdima wokhawokha. Pofika 4 koloko mabatire atha, otentha ngati mbatata yapamoto. Lero ndayesa kunyumba ikugwira ngati yatsopano. Ndigule trigger ina?

Wa ku Ndirande: Aise yamba waona mabatire a mu trigger. Otchaja aja ndi 1.2V pomwe wamba ndi 1.5V, ndiye trigger imatha kuonetsa ngati atha asanathe. Ine mu trigger ndimaika wamba, otchaja ndimasiyira flash. Pukutanso timapini ta pansi pa trigger ndi pa hot shoe (pokhazika trigger pamwamba pa kamera), fumbi la mwezi uno si masewera.

Asisi a ku Zomba: Simunaike silent shutter ku tchalitchi n'kuiwala kuchotsa? Makamera ambiri a mirrorless ukaika silent flash siwomba. Komanso shutter inali pa zingati, mukapitirira 1/200 kapena 1/250 opanda HSS (setting yolola flash kugwira pa shutter yothamanga) chithunzi chimadulidwa ndi chimzere chakuda.

Wa ku Chilinde: Ayi asisi yanga ndi DSLR ndipo ndinali pa 1/160 tsiku lonse. Sichimzere, ndi chithunzi chonse chakuda.

Madala a studio ku Limbe: Anyamata mukuyankha funso lina. Batire lofooka kapena pini yakuda zimalepheretsa flash kuwomba, sizingaiwombetse yokha. Mphwanga, uli pa channel chani, nanga mu holomo ojambula munalipo angati?

Wa ku Chilinde: Channel 1 madala, group A, chigulireni sindinasinthepo. Ojambula tinalipo ambiri, ine, wa video, wina wobwera ndi akuchikazi, ndiye aja ongobwera okha amajambula alendo n'kuthamanga kukatsukitsa kudzagulitsa panja, atatu kapena anayi.

Madala a studio ku Limbe: Basi wadziyankha wekha. Theka la ife tili ndi Godox ndipo ambiri sasintha kuchoka pa 1 ndi A. Flash yako sidziwa mwini wake, imamvera trigger iliyonse ya mtundu umenewo yomwe ili pa channel yake, ndipo pabwino imamva mpaka mamita 100. Ndiye wina uja akadina kwake yako ikuwomba, iwe ukamadzadina patapita sekondi imodzi iyo ikadali kudzaza mphamvu, n'chifukwa chake zii. Perekaniperekani aliyense amadina ngati wapenga, ndiye flash imodzi imagwirira anthu awiri, mabatire alekeranji kutentha. Buku lake limanena kuti ukawomba ka 30 motsatizana pa full power uipumitse mphindi 10, apo ayi chitetezo cha kutentha chimalowa ndipo imayamba kutenga masekondi oposa 10 kuti iwombenso. Choipa china, ngati nayenso ali pa group A amatha kukusinthira power osadziwa, iwe unasiya 1/8 ukupeza ili 1/1, diresi la mkwatibwi lapsa loyera mbuu.

Wa ku Chilinde: Eeeh madala zimenezo zinachitikadi!! Ndinapeza ili pa 1/2 ndimaganiza mwana wina wagwira. Kkkk ndiye kuti mkulu uja amagulitsa zithunzi zowala ndi softbox yanga ulele.

Wa ku Ndirande: kkkkk upite ukatenge commission yako aise

Madala a studio ku Limbe: Ma channel alipo 32, sankha ya kutali monga 19 kapena 27, osati 2 kapena 3 poti aliyense wothawa pa 1 amathawira pompo. Kenako lowa mu menu uike ID, ilipo 01 mpaka 99, nambala yomweyo pa trigger ndi pa flash. Ngakhale wina agwere pa channel yako, ID ikasiyana flash simumvera. Ine ndikafika pa ukwati ndimayamba ndapereka moni kwa anzanga n'kufunsa ali pa channel chani, ena amaona ngati ukuwanyoza koma bola zimenezo kusiyana ndi kukafotokozera akwati kuti keke sinatuluke.

Wa video ku Mzuzu: Ndionjezereko mbali yathu. ID siichotsa phokoso la mumlengalenga, imangotseka khutu kwa trigger ya wina. Zinthuzi zimayenda pa 2.4GHz, pomwenso pali Wi-Fi, Bluetooth, ma hotspot a mafoni a alendo ndi timaiki tathu topanda waya tija timapachika mkwati. Mu holo yodzadza ikamaphonyabe sinthani channel basi, ma trigger ena monga X2T ali ndi SCAN yokuuzani yomwe ili phee. Ndipo stand musaibise kuseri kwa masipika kapena chipilala, ikwezeni ipitirire mitu ya anthu, thupi la munthu limameza signal.

Asisi a ku Zomba: China chomwe chinandizunguzapo mutu ine, pa XPro pali DIST, setting ya mtunda wa pakati pa trigger ndi flash, 1-100m ndi 0-30m. Ukamajambula mphete kapena keke flash ili pafupi penipeni ndi kamera imaphonya ngati uli pa 1-100m, uike 0-30m.

Wa ku Chilinde: Ndabwera ndi lipoti. Ndinaitana mnzanga ali ndi trigger ngati yanga, tonse pa 1 iye akadina yanga ikuwomba ndithu, ndadzionera ndekha. Ndaika channel 27 ndi ID, wabwera pa 27 wadina mpaka chala kuwawa, yanga phee. Koma tsopano flash yanga yachiwiri, yakale yomwe ndimaika kumbuyo, yasiya kuwomba, channel ndasintha ndithu.

Madala a studio ku Limbe: Yang'ana ngati mu menu yake muli ID. Zina zakale zilibe, ndiye trigger ikakhala ndi ID izo sizimva. Ngati ilibe, bwezera ID pa OFF ponseponse udalire channel yokha, kapena Loweruka ugwire ndi imodzi.

Wa ku Chilinde: Mulibe madala. Ndipita ndi imodzi yokha ID ili on, holo yake ndi yaing'ono. Wina ali ndi mabatire otchaja anayi oti andibwereke Lachisanu? Anga aja awiri atupa.