Kodi pempho la maloboti pamphambano ya kuno ku Mangochi lipite kwa yani?

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa kayendetsedwe ka ntchito za misewu. Ndimagulitsa nsomba zouma pafupi ndi mphambano ina m'tauni muno, ndipo m'mawa uliwonse ndimaona ana a sukulu ataima m'mphepete mwa msewu atagwirana manja, akudikira mpata pakati pa njinga za kabaza, maminibasi ndi malole ochokera ku mlatho wa Bakili Muluzi. Sabata yatha mayi wina anataya dengu lonse la usipa pothawa njinga yamoto, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhazikike.

Ndikudziwa kuti ndalama zokonzera misewu zimachokera ku msonkho wa pamafuta a galimoto ndiponso ku zipata zolipiritsa monga cha ku Chingeni, ndipo amazisamala ndi a Roads Fund Administration. Nanga pempho loti pamalopa paikidwe maloboti tilipereke ku khonsolo, kapena ku Roads Authority popeza M3 ndi msewu waukulu wa dziko lonse? Ndikufunanso kumva ngati maloboti oyendera mphamvu ya dzuwa amagwira bwino ntchito magetsi akazima, komanso amene amalipira akawonongeka. Amalonda anzanga ndi okonzeka kusayina kalata, koma tisanalembe tikufuna wotiunikira.