Matenda a von Willebrand: kodi puloteni youndanitsa magazi imapita kuti?

Nachisale wa ku Namwera:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Mwana wanga wamkazi wa zaka 15 amachita kamfuno pafupipafupi, makamaka dzuwa likamaswa mtengo mu Okutobala, ndipo akakhala kumwezi amataya magazi kupitirira sabata mpaka m'zikope kuyera. Inenso ndinakula choncho. Adokotala akuti ndi matenda a von Willebrand, ndipo akuganiza kuti thupi lake limapanga puloteni youndanitsa magazi koma limaichotsa msanga. Thupi lingachotse bwanji chinthu chimene likuchifuna?

Wazaumoyo wa ku Mangochi boma:
Mayi, pepani ndi matendawa. Puloteni imeneyi imapangidwa m'kati mwa mitsempha ya magazi, ndipo ntchito yake ndi kumata timaselo ta m'magazi totchedwa platelets pamene pavulala, komanso kunyamula puloteni ina yothandiza kuundanitsa magazi yotchedwa factor VIII. Mwa munthu aliyense imakhala m'magazi maola owerengeka, kenako maselo a m'chiwindi ndi m'kapamba amaigwira n'kuiphwanya, thupi n'kupanga ina. Kuchotsako kotero si matenda. Vuto limabwera pamene chibadwa chochokera kwa makolo chasintha kaumbidwe ka puloteniyo, moti maselo aja amaigwira mofulumira kuposa mmene thupi likupangira yatsopano. Zili ngati mtsuko umene mukuthiramo madzi mokwanira koma pansi pake pali pobooka. Mtundu umenewu wa matendawa amautcha 1C, ndipo wodziwika kwambiri ndi wa Vicenza, dzina la mzinda wa ku Italy kumene unapezeka. Puloteniyo ikachepa, factor VIII nayonso siikhalitsa, chifukwa popanda mnzake woiteteza imatha m'maola pafupifupi 2 m'malo mwa 12.

Bambo a Tadala a ku Monkey Bay:
Mlongo wanga ali ndi vuto lomweli, ndipo chimene chinandidabwitsa n'chakuti anamufunsa gulu la magazi ake. Anatiuza kuti anthu a gulu O amachotsa puloteni imeneyi msanga, moti amakhala nayo yochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi anzawo. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti kwa zaka zambiri achibale ankati ndi za kumtundu zosafunika chipatala, mwana wa anthu akungofooka. Za kumtundu n'zoona ndithu, popeza dokotala wa ku Finland, Erik von Willebrand mwiniwake, anafotokoza matendawa mu 1926 atawaona m'banja limodzi la pa zilumba za Åland m'dzikolo, koma thandizo lilipo.

Nachisale:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga nkhani ya kuchotsa msangayi ikusintha chiyani pa mankhwala?

Wazaumoyo:
Ikusintha zambiri, mayi. Mankhwala a desmopressin amachititsa thupi kutulutsa puloteni imene linasunga, ndiye kwa mwana ngati wanuyu imakwera bwino pakatha ola limodzi, koma pofika maola 4 imakhala itatsikanso kwambiri. N'chifukwa chake magazi amayezedwa nthawi zonse ziwirizo, pakuti kuyeza kwa ola limodzi lokha kungakulimbitseni mtima pachabe, makamaka ngati akukonzekera opaleshoni kapena kubereka. Pa msambo ndi pozula dzino, mankhwala a tranexamic acid amathandiza, ndipo funsaninso za mapiritsi a ayironi poti mwatchula kuyera m'zikope. Asamwe aspirin kapena ibuprofen wogula pa gulosale, ndipo dzina la matendawa lilembedwe patsamba loyamba la buku lake la kuchipatala.