Ndikupita ku Bangkok, kodi Mkhristu angalowe m'kachisi wa Wat Phra Kaew?

Moni nonse a pagulu pano. Mwezi wamawa ndikupita ku Bangkok, m'dziko la Thailand, kukaoda zovala kumsika wa Pratunam. Mnzanga amene ndikupita naye akuti tsiku limodzi tisiye za geni, tikaone Wat Phra Kaew, kachisi wachifumu wa Chibuda amene ali mumpanda wa nyumba yachifumu ya Grand Palace. Mfumu Rama I ndiyo inayamba kumumanga, itakhazikitsa likulu lake ku Bangkok mu 1782.

Mtima ukufunadi. Chandikopa ndi chifanizo cha Buddha cha mwala wobiriwira. Nchaching'ono, masentimita pafupifupi 66 basi, koma mfumu ya dzikolo kapena woiimira amakachisintha zovala zagolide katatu pachaka: nyengo yotentha, yamvula ndi yozizira. Ndikufuna ndikaone ndi maso anga chinthu chimene mtundu wonse umachilemekeza chotere.

Koma pali chondivuta. Ine ndine wa Mvano, ndinakulira m'tchalitchi. Akuti pakhomo umavula nsapato, mkati umakhala pansi, mapazi osaloza kuchifanizocho. Kodi ndikatero ndiye kuti ndapembedza nawo? Sindikufuna kubwerako chikumbumtima chikunditsutsa, komanso sindikufuna kukanyoza eni ake pamalo awo opatulika. Funso lina ndi la chitenje: kodi amalola kungomanga m'chiuno? Amene munapitako, chonde ndithandizeni.

Yankho loyamba: Amayi, ine ndinalowamo ndipo ndine mkulu wa mpingo. Palibe amene anandiuza kuti ndigwade kapena ndiwerame. Eni ake amawerama katatu, inu mumangokhala chete chakumbuyo, miyendo mutapindira kumbali monga mumakhalira pamphasa pamaso pa apongozi. Ine ndinaziona ngati ulemu wa mlendo pakhomo pa eni. Mtima ukakana, musalowe m'chipindamo, kayendeni m'makonde muone zithunzi za nthano ya Ramakien zojambulidwa pakhoma.

Yankho lachiwiri: Asisi, valani diresi yosokedwa yofika kuakakolo, ya manja. Nsalu yongofunda pamapewa akhoza kukubwezani nayo pageti. Mkati mwa chipinda cha chifanizocho kujambula nkoletsedwa. Lawirirani, amatsegula 8:30 m'mawa ndipo masana kumatentha koopsa. Wa tukutuku akakuuzani panjira kuti lero kwatsekedwa, musamumvere, kafikeni pageti nokha. Ndipo za banja lachifumu musalankhule mwachibwana, lamulo lakumeneko limamangitsa mpaka zaka 15.