Andiuza kuti thupi langa likukana insulin, koma sindine wonenepa. Ndichepetse chiyani?

Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndine mayi wa zaka 44, ndimakhala ku Chinamwali kuno ku Zomba. Mwezi watha anandiyeza shuga m'mawa ndisanadye, anapeza 6.3. Adokotala anati matenda a shuga enieni amayambira pa 7.0, koma ndili pakhomo. Ataona kuda kwa khungu kumbuyo kwa khosi langa, kumene ndakhala ndikukupecha ndi mwala poyesa litsiro, anati ndi chizindikiro cha insulin resistance. Akuti insulin, imene kapamba amatulutsa kuti itsitse shuga m'magazi, ilimo m'thupi, koma minofu ndi chiwindi sizikuyimvera, ndiye kapamba akugwira ntchito mopitirira mpaka adzatopa.

Mwana wanga wa ku Chanco wandiwerengera zambiri. Vutoli analifotokoza Harold Himsworth ku London mu 1936, kenako mu 1988 Gerald Reaven wa ku Stanford analilumikiza ndi BP komanso matenda a mtima. Chimene chandigwira mtima ndi kafukufuku wa ku America wa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002: omwe anachepetsa thupi ndi kumachita zolimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti, pomwe omwa mankhwala a shuga a metformin chinatsika ndi 31 peresenti.

Koma anthuwo anali onenepa. Ine ndine wochepa thupi chibadwire, mimba yokha ndiyo yatuluka. Ndikaonda kuposa apa, kumpingo ayamba kunong'onezana kuti ndikudwala. Mayi anga anamwalira ndi shuga atadulidwa mwendo, nawonso anali owonda. Usiku tulo sindikupeza.

Kodi zimene anapeza kunjazo zikutikhudza ife owondafe? Nanga nsima ndiisiye?

Yankho loyamba:
Amayi, pepani za mayi athu. Ofufuza tsopano ayamba kuyang'ana ku Africa kuno, ndipo akuona kuti ambiri odwala shuga ndi owonda, ena vuto lawo ndi kapamba wotulutsa insulin wochepa. Sikelo isakupusitseni, yezani chiuno ndi tepi, mafuta a pamimba ndiwo oopsa. Mukabwerera kuchipatala mufunse za HbA1c, imaonetsa shuga wa miyezi itatu.

Yankho lachiwiri:
Achemwali, nsima musasiye. Ine ndinasiya ufa woyera n'kuyamba mgaiwa, mitanda iwiri basi, ndiwo zamasamba ndi nyemba zambiri. Thobwa wothira shuga ndi zakumwa za m'botolo ndinaleka. Popita kumsika ndimayenda wapansi m'malo mokwera kabaza.

Wofunsa uja:
Zikomo nonse. Nanga tiyi wam'mawa mumamwa wopanda shuga ndithu, kapena munkachepetsa pang'onopang'ono?